Makolosi Atsopano ndi Bwato wa Akulu Anga

Galimoto yanga ndinaigula ili yokalamba kale. Inayamba yagwira ntchito ku mishoni, kenako ku esiteti ya mphira, kenako kwa ine. Imakoka ndi matayala onse anayi. Kuno ku Chintheche ukangosiya tala, kumunsi ndi mchenga, kumtunda ndi matope ndi miyala. Galimoto wamba sipita. Yanga inkapita. Ndinkanyamula usipa, chinangwa, njerwa, matabwa. Ndinkazulanso magalimoto a alendo akatitimira panjira ya ku Kande kapena ku Makuzi.

Kutsogolo kwake, kuseri kwa tayala lililonse, kuli kachitsulo konga mtanda. Ife timati kolosi. Ali ndi mikono inayi. Mkono uliwonse uli ndi chipewa chake, ndipo m'chipewamo muli tisingano ndi girisi. Kolosi ndi amene amalola tayala kukoka uku likukhota. Akathyoka, kutsogolo kwafa.

Anga ankathyoka. Chaka sichinkatha osathyola atatu kapena anayi. Anali ang'ono, ogula pa hadiweya, chitsulo chake chosadziwika kwawo. Ndinkayenda ndi awiri apadera pansi pa mpando, pamodzi ndi hamala ndi jeke. Akathyoka ndinkatukwana, n'kugona pansi, n'kusintha. Dzuwa likatentha kapena mvula ikagwa, zinalibe kanthu.

Koma asanathyoke ankayamba alira. Katundu akalemera mopyola, ndinkamva pansi pa phazi: ta, ta, ta. Ndikamva choncho ndinkachotsa phazi pamoto. Ndinkatsika, n'kuona chavuta. Mwina kutsitsa matumba. Mwina kukumba. Ndikaumirira, kolosi ankathyoka, basi. Zaka zambiri ndinayendetsa choncho. Sindinkayeza katundu ndi maso. Ndinkayeza ndi phazi.

Mkazi wa akulu anga ankandiseka nthawi zonse. Ndi mayi wa pakamwa.

"Alamu, lero nkhalamba yanu yagona kuti?"

"Sinagone."

"Bodza. Ana aiona pa mlatho itatukula mwendo ngati galu."

"Usipa wanu amanyamula ndani?"

"Imanyamula, inde. Koma ukamafika kumsika umakhala utakalamba nawonso."

Ndinkangodutsa. Koma zinkandiwawa.

Ku loji ina ya ku Kande kunali makaniko wochokera ku Ntcheu. Munthu wolongolola. Tsiku lina anandiimika pamsewu.

"Madala, bwerani mudzaone chitsulo. Osati manyuchi mumaikawo."

Ananditengera kuseri kwa galaja. Mlendo wina woyenda maiko anali ndi galimoto ya mtundu ngati yanga. Pobwerera kwawo anasiya zitsulo zake zapadera. Munali mashafuti awiri akutsogolo, zitsulo zazitali zozunguza matayala, ali ndi makolosi ake kale. Ndinanyamula imodzi. Inandilemera dzanja. Kolosi wake anali wonenepa kawiri kuposa wanga.

"Bowo la girisi lili kuti?" ndinafunsa.

"Palibe. Bowo ndi limene limafooketsa chitsulo. Awa ndi otseka. Mukaika mwaika. Mudzafa inu, iwo ali moyo."

"Alowa?"

"Alowa. Koma simungaike kolosi yekha. Makutu a shafuti yanu ndi ang'ono. Musintha zonse. Ndidzakuthandizani Loweruka. Koma muvule suti, Atonga inu mumagona pansi pa galimoto mutamanga tayi."

Tinagwirizana. Loweruka anabwera kwathu. Tinaikweza pansi pa mango, n'kuika zitsa. Tinachotsa matayala, mahabu omangapo matayalawo, mafuta akale onunkha. Shafuti yakumanja inatuluka bwino. Yakumanzere inakana mpaka tinaiwotcha. Tinamaliza Lolemba, chifukwa Lamulungu sindigwira sipanala.

Ndinaiyesa ndi njerwa zodzadza, mu mchenga wakuya wa kugombe. Ndinakhotetsa chiwongolero mpaka kumapeto, n'kuponda moto. Ndinadikira kulira kuja. Sikunabwere. Galimoto inangotuluka ngati ikuyenda patala.

"Mwaona?" anatero wa ku Ntcheu. "Tsopano mukhoza kukoka ngakhale tchalitchi."

Miyezi inayi sindinagone pansi pa galimoto. Makolosi apadera aja ndinawapatsa munthu. Alamu anasowa chonena. Ndinkadutsa pakhomo pawo ndikuliza hutala.

Tsopano za akulu anga. Amandiposa zaka zisanu ndi zinayi. Ndi msodzi kuyambira ali mwana. Sayankhula zambiri, kuposa ine. Bwato wawo wakale unaola. Anauphatika ndi malata ndi phula mpaka panalibenso pokhomera msomali. Zaka ziwiri anakhala akupalasa bwato wa munthu wina. Munthu wa imvi kumatumidwa ndi ana. Sankadandaula, koma ankabwera kunyumba osayang'ana munthu kumaso.

Kumtunda, kumunda wakale wa bambo athu, kunali mbawa. Umodzi wokha, waukulu, anthu atatu osaukumbatira. Bambo anauleka dala pamene ankatema ina. Ankati ndi bwato wa mtsogolo. M'dera lonselo munalibenso mtengo ngati umenewo. Akulu anayenda kumaofesi mpaka anapeza chilolezo. Anaugwetsa. Anamanga msasa pomwepo. Miyezi itatu anakhala kumeneko ndi nkhwangwa ndi kasemasema. Alamu ankawapititsira ufa wa kondowole. Ankatsika Lamulungu lokha, manja ali matuza okhaokha.

Anandiuza kamodzi: "Uwu ndi wotsiriza. Udzandikwanira mpaka kumanda."

Bwato ukasemedwa kumtunda, umatsika ndi anthu. Ndi mwambo wake. Amalengeza kutchalitchi. Amuna amabwera ndi zingwe. Amadula mitengo yoyala pansi kuti bwato uzitsetsereka. Amayi amaphika. Wina amatsogolera nyimbo, ena amavomera uku akukoka. Bwato ukakodwa penapake, aliyense amamva m'manja mwake. Chingwe chimauma, nyimbo imaduka yokha. Amaima, n'kuona. Ndili mnyamata ndinakokapo kawiri. Zinkatenga masiku atatu kufika kunyanja.

Akulu analengezetsa. Anafuna amuna makumi anayi. Anavomera khumi ndi atatu, ambiri a imvi. Anyamata ali ku Joni. Otsala ali m'maloji, sangajombe. Analengezanso sabata yotsatira. Anthu omwewo.

Ndinapita kwawo masana. Ndinawapeza pakhonde akuluka chingwe.

"Akulu, ndiukoke ine."

Sanatukule mutu. "Bwato sukokedwa ndi chitsulo."

"Tsiku limodzi basi. Madzulo uli kugombe."

"Ndaupepula kale. Ndasemera manja a anthu, osati injini."

Ankanena zoona. Bwato wotsika ndi thirakitala kapena lole amausiya wochindikala, n'kukaumaliza kunyanja. Iwo ankadziwa kuti anthu achepa, ndiye anausema kwambiri komweko kuti upepuke. Ndinamva. Sindinasamale.

"Ndiyenda pang'onopang'ono," ndinatero. "Ikalemedwa imandiuza."

Mawu amenewo ndinawanena ine. Ndinali nditayenda miyezi inayi osamva kanthu pansi pa phazi. Ndinkadziwa. Koma pakamwa pananena zakale.

Alamu anatuluka m'khitchini akupukuta manja.

"Bambo, mverani mng'ono wanu. Nkhalamba khumi ndi zitatu, theka la izo za BP. Mukufuna tikoke bwato kapena tinyamule maliro? Mvula ili pafupi. Mtsinje ukadzadza, bwato wanuwo mudzauona chaka chamawa."

"Iwe unkaiseka galimoto imeneyi."

"Ndinkaiseka ili ndi nyamakazi. Pano aiika mawondo achizungu."

Akulu anabwerera ku chingwe chawo. Anamanga mfundo, n'kuimasula.

"Lachiwiri," anatero. "Koma anthu abwerebe. Aziyala mitengo."

Lachiwiri tinanyamuka dzuwa likutuluka. Amuna aja anakwera kumbuyo ndi zikwanje ndi zingwe zawo. Msewu unathera pa sukulu. Kuchokera apo ndinadutsa m'minda ya chinangwa, kenako m'tchire. Tinawoloka kamtsinje. Madzi anali ofika m'kakolo, matope akuda, gombe lake lotsetsereka. Galimoto sinavutike.

Bwato ndinauona uli pakati pa zipalapala zofiira. Unali wautali kuposa galimoto yanga. Fungo la mbawa linali ponseponse. Ndinaugogoda m'mbali. Unalira ngati ng'oma. Ndinayeza ndi zala: ziwiri basi. Mkati munali mosalala, mizere ya kasemasema yofanana ngati mamba a nsomba. Mkulu wa mpingo wina, amene anabwera nafe, anavula chipewa.

"Ada, mwasema," anatero, powaitana mwaulemu wa Chitonga.

"Yewu," anathokoza akulu. Ndinaona kuti akondwa.

Kumphuno kwa bwato anasiya chibuluma chokhala ndi bowo, chomangapo chingwe. Ndinalowetsamo tcheni. Akulu anachikulunga ndi chiguduli kuti chisadye mtengo. Mbali ina ndinakola kumbuyo kwa galimoto. Ndinaika giya yotsikitsitsa. Tinayamba.

Zinayenda. Anthu ankatola mitengo kumbuyo, n'kuthamanga nayo kukayala kutsogolo. Akulu ankayenda pambali, dzanja lili pa bwato. Sanalichotse. Maola awiri tinayenda mtunda umene anthu akanayenda tsiku lathunthu. Nkhalamba zinayamba nthabwala.

"Tikanadziwa tikanabwera ndi akazi athu, adzaone tikugwira ntchito."

"Iwe ntchito yako ndi iti? Chiyambire wanyamula mtengo umodzi, ndi womwewo."

"Ndikuusunga. Ndi wa pa mtsinje."

Wina anayesa kuyambitsa nyimbo yokokera. Injini inaimeza. Anaileka.

Tinafika pa kamtsinje dzuwa lili pamutu. Tinapuma. Tinamwa madzi. Akulu analowa m'matope, n'kumaponda uku ndi uku kufufuza miyala. Anachotsa iwiri. Anayalitsa mitengo.

"Apa tikoke ndi manja," anatero.

Anthu anayang'ana gombe la tsidya linalo. Linali lokwera.

"Akulu, ndi pang'ono pokha," ndinatero. "Ndiwoloka, ndikwera, ndiima pamwamba. Bwato uzibwera pambuyo."

Anandiyang'ana. Kenako anayang'ana nkhalamba zija, zili wefuwefu pamthunzi.

"Pang'onopang'ono, iwe."

Ndinawonjezera tcheni. Ndinawoloka, n'kuyamba kukwera. Galimoto itapenya kumwamba, pagalasi ndinkangoona nthambi za mitengo. Bwato sindinkauonanso. Akulu anali nawo kumunsi, m'madzi. Mkulu wa mpingo uja anaima pagombe, poti ine ndizimuona, iyenso aziona bwato. Tinagwirizana: dzanja pansi, pita, dzanja m'mwamba, ima.

Dzanja linali pansi. Ndinapita. Ndinamva bwato ukutsika, tcheni n'kulefuka, kenako n'kukungika. Unalowa m'matope. Unayamba kukwera. Kenako galimoto inalemera.

Kulemera kumeneko ndinkakudziwa. Ndakumva kambirimbiri. Matope amagwira, ukawonjezera moto pang'ono amasiya. Ndinawonjezera. Phazi langa linali tcheru kudikira ta, ta, ta. Kunali zii. Mutu unati katundu akadali wochepa. Ndinawonjezeranso.

Dzanja la mkulu wa mpingo linakwera m'mwamba. Ndinaliona. Sindinama. Ndinaliona, manja onse awiri, ndi pakamwa pali yasa. Koma zaka zonsezi sindinaimepo chifukwa cha dzanja la munthu. Anthu amaopa msanga. Ndinkaima chifukwa cha kolosi. Ndinati kamodzi kokha, bwato utulukemo. Matayala akutsogolo anapeza thanthwe, n'kuluma.

Kunamveka ngati mfuti. Galimoto inalumphira kutsogolo, yopepuka.

Ndinaponda buleki. Ndinatsika injini ikulirabe. Tcheni chinali gone pagombe, chikukoka chibuluma chija ndi chibenthu chachitali cha mtengo wofiira.

Pansi pa matope panali mwala wosongoka umene phazi la akulu silinaupeze. Mtengo woyala unatitimira, mphuno ya bwato n'kugunda mwalawo. Anthu akanamva m'manja. Akanaima, n'kutukula ndi mitengo, n'kupitirira. Ine ndinaukokera pa mwala ngati munthu wowaza nkhuni. Mng'alu unayambira kumphuno, n'kutsata msempha wa mtengo, pansi penipeni, mpaka kupyola pakati. Madzi akuda anali akulowa kale.

Akulu anali ataima m'matope. Anawerama, n'kulowetsa dzanja mumng'alumo. Linalowa mpaka m'chigongono. Analitulutsa. Analiyang'ana.

"Zimitsa injini," anatero.

Ndinakwera, n'kuzimitsa. Kunakhala chete. Ndinamva madzi ndi ntchentche.

Nkhalamba zinatsika m'modzim'modzi. Zinayamba kuyankhula zonse pamodzi.

"Malata ndi phula, Ada. Ugwira."

"Timange ndi zitsulo, mng'ono wanuyu awotcherera."

"Wa uje unang'aluka chonchi, mpaka lero ukuyenda."

"Wa uje unang'aluka m'mbali," anatero akulu. "Uwu ndi pansi. Mphepo ya mwera ikadzauka, udzatseguka ndili pakati pa nyanja. Ndani akwere nane?"

Palibe anati ine.

Ndinayandikira. "Akulu."

"Tenga tcheni chako."

"Ndiutulutse m'madzimo."

"Tenga tcheni chako."

Akulu anamanga chingwe chawo choluka chija pakati pa bwato. Amuna khumi ndi atatu anagwira. Ine ndinagwiranso, kumapeto kwenikweni. Palibe anandiletsa, palibe anandipatsa malo. Tinatukula ndi mitengo, n'kukoka. Popanda nyimbo. Zinatitengera mpaka dzuwa litapendeka kuufikitsa pamtunda, poti madzi a mvula asautenge. Akulu anaufunditsa nthambi. Sindikudziwa chifukwa chake. Mwina kuti dzuwa lisaung'ambe.

Pobwerera onse anakwera kumbuyo. Akulu anakana. Anayenda pansi, kasemasema ali paphewa. Ndinawatsata pang'onopang'ono mpaka pa sukulu. Sanacheuke. Mkulu wa mpingo anandigogodera padenga kuti ndizipita.

Alamu anali pamsewu ndi amayi anzawo. Anali ataphika, atavala zitenje zatsopano. Ataona galimoto anayamba nthungululu. Kenako anaona kuti kumbuyo kulibe kanthu. Anabwera pawindo.

"Alamu, bwato uli kuti?"

"Wasweka."

"Musaseke."

"Ndauswa ine."

Anandiyang'ana. Anafuna kunena kanthu, n'kukumbuka kuti nawonso anaikapo mawu. Anagwira pakamwa. Anabwerera kunyumba osathamanga.

M'mawa mwake ndinagona pansi pa galimoto. Ndinagwedeza matayala. Ndinamasula habu imodzi kuti ndione. Makolosi analibe ngakhale kachipsera.

Wa ku Ntcheu anamva nkhani. Anabwera akuseka, poganiza kuti ndi nthabwala za pamsika. Ataona nkhope yanga analeka.

"Koma zitsulo zili bwino?"

"Zili bwino."

"Eya. Akale aja akanathyoka." Anakanda mutu. "Mphamvu siitayika, madala. Ikakanika apa imasaka pofewa. Ndikanakuuzani."

"Ukanandiuza."

"Ndinkayesa mukudziwa."

Ndinkadziwa.

Ndinasaka mtengo wina. Ndinakwera mapiri onse amene galimoto ingafike. Ndinafunsa ocheka matabwa, osaka uchi, owotcha makala. Mitengo ilipo, koma yowonda. Yaikulu yotsala ili m'nkhalango ya boma kapena kumanda. Kumeneko nkhwangwa silowa. Ndinapeza umodzi kutali, mwini wake anavomera. Titaugogoda unali ndi mphako.

Ndinapita kwa akulu kukanena za boti la matabwa. Ndinati ndigula matabwa, ndipeza mmisiri.

"Boti lifuna injini," anatero. "Lifuna anyamata asanu. Ine ndinkafuna bwato wopalasa ndekha."

"Ndiye ndichite chiyani?"

"Palibe."

Sanandikalipirepo. Ngakhale tsiku limodzi. Akanandimenya ndi nkhafi zikanakhala bwino. Kutchalitchi amandipatsa moni. Mwana wanga atadwala anabwera kudzazonda. Koma galimoto yanga sanakwerenso. Maliro akakhala kutali amayenda pansi kapena kukwera minibasi. Alamu anasiya kundiseka. Amati, "Mwadzuka bwanji, alamu," n'kupitirira.

Makolosi sindinawachotse. Ntchito ikuwafuna, ndipo mashafuti akale ndinagulitsa kwa ogula zitsulo. Koma kukoka ndinasiya. Mlendo akatitimira mu mchenga ndimam'bwereka fosholo.

Akulu anabwerera kukapalasa kwa eni ake. Mwini bwato ndi mnzake wa mwana wawo woyamba, anaphunzira limodzi. Anapalasa nyengo ziwiri. Kenako phewa linakana. Mwini bwato anawauza mwaulemu kuti apume, n'kuika wina. Tsopano amakhala pamchenga pansi pa mtengo, akusoka maukonde a anthu. Amawapatsa kambale ka usipa.

Bwato unakhala kumtunda mvula yonse. Chilimwe chitafika akulu anaitana ocheka. Anapezamo matabwa asanu ndi limodzi abwino, ochokera m'mbali. Akulu anawatsitsa okha pamutu, limodzilimodzi, masiku asanu ndi limodzi. Ndinakumana nawo tsiku lina panjira ya ku sukulu, thabwa lili pamutu, thukuta lili chuchuchu. Ndinaima. Ndinatsegula chitseko.

"Pitani, Ada," anatero. "Ndafika kale."

Anali asanafike ngakhale theka.

Ndinkayesa apanga chitseko kapena tebulo. Miyezi inapita, sindinaone kanthu. Ndinafunsa alamu za matabwawo tsiku lina kuchigayo.

"Ali kudenga, m'chipinda chogona," anatero. "Akulu anu anawapala bwinobwino. Anagona pansi, n'kundiuza kuti ndiwayeze ndi chingwe kuyambira kumutu mpaka kumapazi. Akuti musadzavutike kugula bokosi."